Tchuthi cha mapointi: safunsa adadya phula

Mwezi wa December ukafika, misewu ya m'boma la Thyolo imasintha maonekedwe. Minda ya tiyi imakhala itabiriwira kuchokera ku Bvumbwe mpaka kukafika ku Luchenza, ndipo pakati pa maminibasi ndi mathirakitala onyamula masamba pamayamba kuoneka galimoto za manambala achilendo. Apo mungodziwa kuti ana a kuno amene akugwira ntchito ku Joni abwera kudzadya Khirisimasi ndi makolo.

Amabwera ndi mabulangete, mafoni, zovala za ana komanso nkhani zankhaninkhani. Pakati pa nkhanizo, tsiku lina mudzamva ya kalabu ya tchuthi. Mwana wanu kapena mlamu wanu adzatulutsa kabuku ka zithunzi zokongola za nyanja ya ku Durban n'kunena kuti adagula mapointi, ndipo chaka chilichonse banja lonse lizikagona kumalo apamwamba popanda kulipira.

Musanaombe m'manja, mufunseni mafunso awiri okha. Kodi chaka chilichonse akulipira ndalama zingati kuti mapointiwo akhalebe amoyo? Nanga atafuna kusiya, mgwirizanowo amauthetsa bwanji?

Ngati ayamba kukanda kumutu, dziwani kuti si iye yekha. Mafunso awiriwa ndiwo adachititsa kuti boma la South Africa lifufuze malonda amenewa m'chaka cha 2017, anthu atadandaula kwa zaka zambiri.

Kodi timeshare n'chiyani?

Malondawa amatchedwa timeshare, kutanthauza kugawana nthawi yogwiritsa ntchito malo amodzi. Ganizo lake si lachilendo kwa munthu wakumudzi. Mabanja angapo akhoza kusonkherana n'kugula ngolo imodzi, wina n'kumaigwiritsa ntchito Lolemba, wina Lachiwiri, ndipo tayala likaphulika onse amasonkha yokonzetsera.

Timeshare idayambanso chimodzimodzi. Chaka chili ndi masabata 52, choncho chipinda chimodzi cha pamalo ochitira tchuthi chikhoza kugulitsidwa kwa anthu pafupifupi 50, aliyense n'kukhala ndi sabata yakeyake, kusiya sabata imodzi kapena ziwiri zokonzera malowo.

Malondawa adayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Kampani ya Hapimag idakhazikitsidwa ku Switzerland m'chaka cha 1963, ndipo m'zaka zomwezo malo ena a m'mapiri a ku France otchedwa SuperDévoluy adayamba kugulitsa masabata kwa alendo ake. Posakhalitsa malondawa adawolokera ku America, kenako adafika ku South Africa komwe boma lidakhazikitsa lamulo lake lapadera, la Property Time-sharing Control Act, m'chaka cha 1983.

Vuto la njira yoyambayi lidali lakuti munthu amatopa kupita malo amodzimodzi, sabata yomweyomweyo, chaka ndi chaka. Apa mpomwe padabadwira makampani osinthanitsa masabata, monga RCI yomwe idayamba m'chaka cha 1974 ndi Interval International ya mu 1976. Mwini sabata ya ku Durban ankatha kuipereka kukampaniyo n'kulandira sabata ya kumalo ena, atalipira kangachepe.

Njira ya mapointi idafala pambuyo pake. Kampani ya Disney idatsegula kalabu yake ya mapointi m'chaka cha 1991, ndipo Marriott idalowa m'njirayi mu 2010. M'malo mogula sabata ya chipinda chodziwika, munthu amagula mulu wa mapointi amene amawasinthanitsa ndi masiku ogona pamalo osiyanasiyana omwe kalabuyo ili nawo.

Mapointi si malo, si nyumba

Apa mpomwe ambiri amasokonekera. Ogulitsa amakonda mawu akuti umwini, ndipo munthu amatuluka m'chipindamo akudziona ngati wagula kachigawo ka hotela. Koma m'makalabu ambiri a mapointi, malo ndi nyumbazo zimakhala m'manja mwa kalabu kapena kampani ina yogwirizana nayo. Wogula salandira chikalata cha malo. Chomwe amapeza ndi umembala komanso ufulu wopempha malo ogona.

Mapointi amafanana kwambiri ndi bandulo ya pafoni. Mumalipira, amakupatsani mlingo wakutiwakuti, ndipo mukapanda kuugwiritsa ntchito m'nthawi yake umapita. Makalabu ambiri amalola kusunga mapointi a chaka chino kuti muwagwiritse ntchito chaka chamawa, kapena kubwereka a chaka chamawa, koma zonsezi zili ndi malire ake ndipo kawirikawiri pamakhala ndalama yolipira.

Mtengo wa usiku umodzi m'mapointi si umodzi ayi. Umatengera malo, kukula kwa chipinda, tsiku la sabata komanso nyengo. Tingoyerekeza kuti munthu ali ndi mapointi 1 000. M'nyengo yozizira, ana ali kusukulu, mapointiwo akhoza kumugoneka sabata yathunthu. Koma pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, mapointi omwewo mwina sangakwane ngakhale masiku atatu pamalo omwewo.

Chinanso n'chakuti kukhala ndi mapointi sikutanthauza kuti chipinda chilipo. Mamembala onse amafuna masabata omwewo a December, pomwe zipinda za m'mbali mwa nyanja n'zowerengeka. Amene amapeza malo ndi amene amabukitsa miyezi yambiri nthawi isanakwane, nthawi zina pafupifupi chaka chathunthu.

Kwa anthu a m'maesiteti a tiyi nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Tiyi amachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka cha mu April, ndipo nthawi imeneyi mafakitale amagwira ntchito usana ndi usiku. Kalaliki, kapitawo kapena manijala sangachoke mwachisawawa masamba ali mbwee pasikelo. Amene angapite kutchuthi m'miyezi ya chilimwe akhoza kupeza malo pamapointi ochepa, koma afunse kaye ngati masikuwo akugwirizana ndi holide ya ana asukulu. Kupanda apo, mapointi adzatha mphamvu banja lisanakwere ndi basi yomwe.

Ndalama yomwe satchula mokweza

Mtengo wogulira mapointi ndi chiyambi chabe. Mtolo weniweni ndi ndalama ya chaka ndi chaka yomwe amaitcha levy. Iyi ndi yosamalira malowo: kulipira antchito, magetsi, madzi, inshuwalansi, misonkho, kupenta ndi kusintha mipando yakutha.

Levy imalipidwa kaya mwapita kutchuthi kaya simudapite. Mwadwala, mwachotsedwa ntchito, mwapuma pantchito, kapena mwayesa kubukitsa n'kuuzidwa kuti malo adzaza, levy ikudikirani basi. Komanso imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo membala wamba alibe mphamvu yeniyeni pa kakwezedwe kake. Nthawi zina pakagwa vuto lalikulu, monga denga kusasuka ndi mphepo, kalabu ikhoza kuitanitsa ndalama ina yapadera pamwamba pa levy ya nthawi zonse.

Tiyeni tichite masamu ongoyerekeza. Tinene kuti munthu wagula mapointi pamtengo wa R60 000, okwanira sabata imodzi pachaka, ndipo levy ya chaka choyamba ndi R6 000, yomwe ikukwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Pofika chaka cha khumi, levy yokha idzakhala itadutsa R14 000. Mukaphatikiza levy ya zaka khumi zonse, ikupitirira R95 000. Kuonjezera mtengo wogulira uja, munthuyu walipira ndalama zoposa R155 000.

Mukagawa ndalamazi ndi mausiku 70 omwe wagona m'zaka khumizo, usiku uliwonse wamudyera ndalama zoposa R2 200. Apa n'kuti sitidawerengere chiwongoladzanja ngati adagula pangongole, ndalama zobukitsira, thiransipoti ndi chakudya. Tikuganizanso kuti sadaphonyeko chaka ngakhale chimodzi. Akaphonya zaka ziwiri kapena zitatu, mtengo wa usiku umodzi umakwereratu.

Manambalawa ngachitsanzo chabe, koma njira yowerengerayi ndi yomwe aliyense ayenera kutsata. Tengani manambala enieni a pamgwirizano wanu, chitani masamu omwewa, kenako imbani foni kumalo ogona omwewo mufunse mtengo wa mlendo wamba. Kusiyana kwake ndiko kukuuzeni ngati pali phindu.

Zomwe zidaululika ku South Africa

Dziko la South Africa, komwe Amalawi ambiri amakagwira ntchito, ndi limodzi mwa maiko omwe malondawa adazika mizu. Madandaulo atachuluka, bungwe la boma loteteza ogula la National Consumer Commission lidakhazikitsa kafukufuku wapoyera m'chaka cha 2017. Gulu lofufuzalo, motsogozedwa ndi katswiri wa malamulo Diane Terblanche, lidayendera zigawo za dzikolo kumva kuchokera kwa anthu eni ake.

Zomwe anthu adanena zidali zofanana pafupifupi kulikonse. Ambiri adati adakopedwa ndi foni kapena kakhadi kokanda kowauza kuti apambana mphoto, ndipo kuti akailandire ankayenera kukakhala nawo pamsonkhano wotsatsa malonda. Kumeneko adawakakamiza kusaina tsiku lomwelo powauza kuti mtengo wotsikawo ngwa tsiku lokhalo.

Ena adadandaula kuti sankapeza malo ogona nthawi yomwe ankafuna ngakhale ankalipira mokhulupirika. Ena adati adauzidwa kuti mapointi ndi chuma chomwe mtengo wake uzikwera, koma atafuna kugulitsa adapeza kuti palibe wogula. Dandaulo lalikulu koposa lidali la migwirizano yamuyaya, yopanda tsiku lothera, yomwe munthu sangatulukemo ngakhale atakalamba kapena ntchito itatha.

Lipoti la kafukufukuyu lidatuluka mu December 2018, pomwe mkulu wa bungweli adali Ebrahim Mohamed. Mwa zina, lidalimbikitsa kuti migwirizano ya timeshare izikhala ndi nthawi yothera, komanso kuti pakhale lamulo limodzi lamakono ndi bungwe loyang'anira malondawa m'malo mwa malamulo omwazikana omwe adalipo.

Komatu malingaliro a m'lipoti si lamulo. Munthu amene akusaina lero asadalire kuti boma lidzamuombola. Chomwe chidzamumange kapena kumumasula ndi zomwe zalembedwa papepala lomwe waikapo dzina lake.

Maiko a ku Ulaya adadutsamo kale m'mavuto omwewa. Lamulo la European Union la m'chaka cha 2008 limapatsa wogula masiku 14 oti asinthe maganizo, ndipo limaletsa wogulitsa kulandira ndalama iliyonse masikuwo asanathe. Ku Spain, lamulo la 1998 lidaika malire a zaka 50 pa migwirizano yotere, ndipo m'chaka cha 2015 khothi lalikulu la dzikolo lidagamula kuti migwirizano yamuyaya yomwe idasainidwa lamulolo litayamba kale kugwira ntchito njosavomerezeka. Maiko olemera sakadavutika kupanga malamulo oterewa pakadapanda anthu ambiri olira.

Anthu a ku Thyolo akudziwa kale

Ngati pali anthu omwe safunika kuphunzitsidwa kusiyana kwa kukhala pamalo ndi kukhala mwini malo, ndi anthu a ku Thyolo ndi Mulanje. Agogo athu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, adaloledwa kumanga ndi kulima m'maesiteti a azungu, koma malowo sadali awo. Lendi yake ankalipira ndi thukuta kudzera m'thangata, chaka ndi chaka, mpaka mchitidwewu udathetsedwa m'chaka cha 1962.

Sitikunena kuti timeshare ndi thangata. Thangata idali nkhanza ya atsamunda ndipo munthu adalibe kothawira, pomwe mgwirizano wa tchuthi munthu amasaina yekha ndi dzanja lake. Koma funso lomwe mbiri imeneyi idatisiyira ndi lothandiza mpaka lero: pamalo pomwe akuti ndi panga, chikalata chili m'dzina la yani, nanga udindo wolipira udzatha liti?

Funsoli likukhudzanso ana. Ogulitsa ena amanena monyadira kuti mapointi mudzasiyira ana anu. Chomwe sanena n'chakuti levy imatsatira mapointiwo. Mwini wake akamwalira, kalabu ikhoza kukaitanitsa ngongole yake pa chuma cha masiye, ndipo mwana wolandira mapointiwo walandiranso udindo wolipira chaka ndi chaka. Cholowa chotere n'chofunika kuchikambirana pabanja mwini wake akadali moyo.

Kwacha ikagwa, levy imakwera

Kwa Mmalawi pali vuto lina lomwe nzika ya South Africa ilibe. Levy imalipidwa m'marandi kapena m'madola, pomwe ambirife timalandira makwacha.

Mu May 2022, Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1 180 kufika pa K1 700. Izi zikutanthauza kuti ngongole yakunja yomwe dzulo lake inkafuna K100 000, m'mawa mwake idafuna pafupifupi K144 000, kalabu isadakweze ngakhale tambala imodzi.

Onjezeraninso kusowa kwa ndalama zakunja komwe kwasautsa mabanki athu m'zaka zimenezi. Munthu akhoza kukhala ndi makwacha m'thumba koma n'kulephera kutumiza levy m'nthawi yake. Kalabu ikapanda kulandira, imatseka mapointi, imaika chiwongoladzanja, kenako imapereka dzina lanu kwa otolera ngongole.

Ganizirani za m'bale wathu amene adasaina ali pantchito ku Johannesburg, ndalama zikumadulidwa kuakaunti yake mwezi ndi mwezi. Ntchito ikatha n'kubwerera kumudzi ku Thekerani kapena kwa Goliati, mgwirizano uja sutha nawo. Dzina lake likalembedwa m'kaundula wa osabweza ngongole ku South Africa, tsiku lomwe adzabwerereko adzavutika kupeza ngongole, nyumba ya lendi, nthawi zina ngakhale ntchito.

Palinso mtunda. Kuchokera ku Thyolo kukafika ku Durban ndi ulendo wa masiku pabasi, kudzera ku Mwanza, Tete, Zimbabwe ndi pachipata cha Beitbridge. Banja la anthu asanu likufunika mapasipoti asanu ndi matikiti asanu opita ndi obwerera. Mapointi salipira chilichonse mwa zimenezi.

Malamulo akuti chiyani?

Kwa amene wasaina ku South Africa, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limapereka masiku asanu a ntchito oti munthu athetse mgwirizano popanda chilango ngati malondawo adachita kumutsatira, monga pomuimbira foni. Kuthetsako kuchitike polemba kalata kapena imelo, ndipo musunge umboni wa tsiku lomwe mwatumiza. Kungoimba foni sikokwanira, chifukwa mawu a pakamwa amakanidwa.

Lamulo lomweli limalolanso wogula kuthetsa mgwirizano wokhala ndi nthawi yothera popereka chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, ngakhale kampani ikhoza kumulipiritsa chindapusa choyenera. Mkangano waukulu wakhala woti kodi gawo limeneli likukhudzanso migwirizano yamuyaya kapena ayi. N'chifukwa chake mawu akuti muyaya, omwe m'Chingerezi amalemba kuti in perpetuity, ndi oyenera kuwasakasaka m'mgwirizano musanagwire cholembera. Madandaulo a mtunduwu amalandiridwa ku National Consumer Commission komanso kuofesi ya Consumer Goods and Services Ombud.

Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003 komanso la Competition and Fair Trading Act la 2024, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1998 n'kupatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipiritsa chindapusa makampani onyenga ogula. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalo limalandira madandaulo. Wina akakugulitsani malonda oterewa muli m'dziko muno pogwiritsa ntchito mabodza, muli nako kokadandaula.

Koma ngati mudasainira kunja, ndipo mgwirizanowo ukunena kuti milandu yake ikazengedwe m'makhothi a dziko limenelo, mabungwe athu sangakuthandizeni kwenikweni. Kulemba loya wa ku Durban uli ku Luchenza si masewera.

Kodi alipo amene amapindula?

Chilungamo chake, alipo. Si makalabu onse omwe ndi achinyengo, ndipo pali mabanja omwe akhala m'makalabuwa kwa zaka zambiri osadandaula. Kawirikawiri amakhala anthu a malipiro okhazikika m'ndalama yomweyo yomwe levy imalipidwira, okhala pafupi ndi malowo moti amangopita pagalimoto, opita kutchuthi chaka chilichonse mosaphonya, komanso otha kukonza ulendo miyezi yambiri isanakwane nthawi. Kwa banja lalikulu lotere, nyumba yokhala ndi khitchini yodziphikira ikhoza kutsika mtengo poyerekeza ndi zipinda zingapo za hotela.

Ngakhale anthu amenewa sayenera kuona mapointi ngati chuma chosungira ndalama. Poloti ya pa Bvumbwe mukaisunga zaka khumi mudzaigulitsa mokwera. Mapointi mtengo wake umagwa tsiku lomwe mwasaina, chifukwa eni ake ofuna kutulukamo ngambiri kuposa ofuna kugula. Ku America si zachilendo kuona munthu akutsatsa timeshare yake pa intaneti pamtengo wa dola imodzi, pongofuna kuti wina amulandire mtolo wa levy.

Mafunso oti mufunse musanasaine

Choyamba, funsani chomwe mukugula. Kodi ndi malo okhala ndi chikalata, masheya a kampani, kapena umembala chabe? Nanga nyumbazo zili m'dzina la yani, ndipo kalabu itagwa inu mutsala ndi chiyani?

Chachiwiri, mgwirizanowo ukutha liti, ndipo mutafuna kutuluka nthawi isanakwane mulipira zingati? Akuonetseni ndime yake papepala.

Chachitatu, pemphani mndandanda wa levy ya zaka zisanu zapitazo kuti muone mmene yakhala ikukwerera. Funsaninso za ndalama zina zonse: yobukitsira, yosinthira malo, yosungira mapointi ndi ya umembala wa kampani yosinthanitsa.

Chachinayi, tchulani sabata yomwe banja lanu lingapitedi kutchuthi, muwapemphe akuonetseni pakompyuta ngati malo alipo komanso mapointi omwe akufunika. Funsani ngati kalabu ili ndi mphamvu yosintha chiwerengero cha mapointi ofunika pamalo amenewo m'tsogolo muno.

Chachisanu, chimachitika n'chiyani mukamwalira, mukadwala kapena ntchito ikatha?

Pomaliza, pemphani kutenga mapepalawo kunyumba kuti mukawerenge ndi akunyumba kwanu komanso munthu wodziwa malamulo. Lonjezo lililonse la pakamwa, monga lakuti kampani idzakugulaninso mapointiwo kapena idzakupezerani ochita lendi, lilembedwe m'mgwirizano. Wogulitsa akakana kuti mutuluke ndi mapepala, kapena akati mtengowo utha dzuwa likalowa, yankho mwalipeza kale. Malonda abwino saopa kugona usiku umodzi.

Musaperekenso khadi la kubanki kapena chitupa kwa munthu amene akuti akungofuna kuona ngati mukuyenera kulandira mphoto. Ndipo musaope kudzuka n'kutuluka pakati pa msonkhano. Kapu ya tiyi ndi bisiketi zomwe akupatsani si ngongole. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Nanga amene adasaina kale?

Ngati masiku osinthira maganizo sadathe, lembani kalata lero lomwe. Ngati adatha, musangosiya kulipira mwakachetechete, chifukwa ngongole imakula ndipo dzina limaipa. Lemberani kalabuyo, fotokozani vuto lanu, funsani ngati ili ndi njira yobwezera mapointi, ndipo sungani makalata onse. Zikakanika, pitani kumabungwe oteteza ogula a dziko lomwe mudasainira.

Chenjerani ndi akamberembere omwe amadyera pa anthu omwe ali kale m'mavuto. Amaimba foni kunena kuti apeza wogula mapointi anu kapena kuti akutulutsani mumgwirizano, bola mutumize kaye ndalama yoyendetsera mapepala. Mukangotumiza, foni yawo siipezekanso. Bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, lakhala likuchenjeza za utambwali umenewu kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano uthenga wotere umafika mosavuta pa WhatsApp ndi Facebook.

Tchuthi chili pakhomo

Kufuna kupumula ndi banja si kulakwa. Munthu amene wagwira ntchito chaka chonse, kaya kufakitale ya tiyi, m'kalasi kapena pamsika, akuyenera kukapitidwako mphepo. Nkhani yagona pa njira yolipirira.

Alendo amachoka ku Ulaya kudzaona zomwe anthu a ku Thyolo amadzuka nazo tsiku ndi tsiku. Esiteti ya Satemwa, yomwe idakhazikitsidwa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923, imalandira alendo m'nyumba yake yakale ya Huntingdon House yomwe idamangidwa mu 1928. Phiri la Mulanje ndi mathithi a ku Likhubula zili pafupi. Kutsetserekera ku Chikwawa kuli nkhalango ya Majete, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003 ndipo lidabwezeretsamo njovu, zipembere ndi mikango. Kuli phiri la Zomba, kuli nyanja ku Mangochi ndi ku Cape Maclear.

Ena mwa malowa ngodula, ena ngotsika mtengo, ndipo kumalo osungirako nyama Amalawi amalipira zochepa polowa poyerekeza ndi alendo akunja. Koma onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: mukagona masiku awiri mumalipira masiku awiri, mukatsanzika nkhani yathera pompo. Chaka chomwe chimanga sichidachite bwino kapena fizi yavuta, mumangokhala pakhomo ndipo palibe amene angakulembereni kalata yoitanitsa ndalama.

Banja lofuna tchuthi cha chaka ndi chaka likhoza kumasunga kangachepe mwezi uliwonse kubanki, ku Sacco kapena kubanki m'khonde. Ndalama imeneyo imakhalabe yanu. Mwana akadwala mumaitenga, zinthu zikayenda bwino mumakwera basi ya ku Mangochi.

Choncho m'bale wanu akatulutsa kabuku ka zithunzi kaja pa Khirisimasi, musamuseke ndipo musamuchitire nsanje. Khalani naye pansi, mutenge pensulo ndi pepala, muwerengere limodzi levy ya zaka khumi zikubwerazi, kenako mufufuze tsiku lomwe mgwirizanowo ukutha. Ngati sadasaine, mwamuthandiza nthawi ikadalipo. Ngati adasaina kale, ayambe kulemba makalata asadabwerere ku Joni.